Kumlatho Kuli Zipewa Ziwiri Zokha

Pasukulu pathu pali mwambo umodzi umene ndinauyambitsa ine, ndipo ndinkaunyadira mpaka chaka chino. Ana a kalasi yomaliza asanalembe mafomu opempha malo ku yunivesite ndi m'makoleji, aliyense amapita kukakhala tsiku lathunthu pamalo ena a ntchito. Timalitchula Tsiku Lotsatira, chifukwa ntchito ya mwanayo ndi kuyenda pambuyo pa munthu ngati mchira, kufunsa mafunso, osakhudza chilichonse chokhala ndi waya.

Ine ndimaphunzitsa masamu, choncho ntchito yogawa ana inagwera ine. Mwana aliyense amalemba pakhadi malo atatu amene akufuna, kuyambira kumene kuli mtima wake. Eni malo nawo amatiuza chiwerengero chimene angalandire: chipatala asanu ndi mmodzi, banki anayi, wailesi atatu, choncho basi. Aphunzitsi anzanga amati ntchitoyi ndi yopweteketsa mutu. Kwa ine ndi phwando. Ndimayala makadi patebulo lalikulu la m'chipinda cha aphunzitsi, n'kumawasuntha masiku awiri mpaka mwana aliyense atapeza malo abwino koposa amene angatheke. Ndikamaliza ndimamata mndandanda pabolodi la pakhonde, pamodzi ndi zimene aliyense anasankha ndi chiwerengero cha malo alionse. Pansi pake ndimalemba ndi cholembera chofiira kuti: "Amene apeze kagawidwe koposa aka, ndimunyamulira chikwama tsiku lonse."

Zaka zinayi zinatha ndisananyamule chikwama cha munthu. Pazaka zinayi zomwezo panalibenso mwana amene analemba kuti akufuna kutsatira mphunzitsi. Sindinawerenge dala, manambala amangondikakamira okha: makadi 231, mizere 693, mphunzitsi ziro.

Chaka chino a Hedi, bambo wamtali amene amalankhula atatsinzina ngati akupemphera, anandiimitsa pakhonde.

"Madamu, ndamva kuti injiniya wa pamlatho watsopano uja ndi mng'ono wanu. Bere limodzi?"

"Bere limodzi, a Hedi."

"Ndiye mumatibisiranji? Muikeni pamndandanda. Atsikana athu aone kuti mkazi akhoza kufika patali."

Ndinayang'ana choko m'zala zanga. Mkazi amene anaima patsogolo pawo, ineyo, anali atangofika pakhonde basi.

Mng'ono wangayo masamu ndinamuphunzitsa ndine, patebulo la kukhitchini, iye akulira, mamina ali chuchuchu. Anali munthu woti ukamufunsa theka la theka amayang'ana kudenga ngati yankho linalembedwa pamalata. Mayeso onse amene tinalembapo ndinkakhoza kuposa iye. Ndinapita ku yunivesite kukaphunzira masamu enieni, opanda simenti, chifukwa ndinkakhulupirira kuti dziko limalemekeza anthu oganiza. Iye anatenga uinjiniya. Lero amayendera galimoto ya kampani yokhala ndi nyali yachikasu padenga, ine ndimasunga makiyi a kabati ya choko. Amayi akamationetsa kwa alendo amati, "Uyu ndi Injiniya, uyu ndi mkulu wake." Pabalaza, chithunzi chake atavala chipewa cholimba cha kuntchito chili pamwamba pa TV. Changa cha tsiku lomaliza maphunziro chilipo ndithu, sindikunama, kungoti kalendala imachiphimba kuyambira pamphuno kutsika.

Ndinamuimbira foni pa nthawi yopuma.

"Abwere, asisi, abwere!" anatero, makina akulira kumbuyo kwake. "Koma awiri okha. Zipewa za alendo tili nazo ziwiri, ndipo wopanda chipewa salowa, ngakhale atakhala mwini kampani. Mundibweretsere anzeru, osati onga ine."

Anaseka. Amatha kuseka za zimenezi chifukwa zinamuthera bwino.

Tsopano ndinene za Kafunso. Dzinali anamupatsa anzake. Ndi mtsikana wochepa thupi, mwana wa telala, amene amakhala kutsogolo pafupi ndi zenera, ndipo sangalole phunziro kutha asanafunse kuti, "Nanga zikanakhala kuti...?" Lachisanu lililonse ndimalemba funso lozunguza mutu pakona ya bolodi. Ana ena amalilambalala ngati matope. Iye amabwera Lolemba ndi njira ziwiri zoyankhira, n'kundifunsa kuti yokongola ndi iti. Mwana wotere mphunzitsi amakumana naye kamodzi pazaka khumi, ndipo ine zaka khumi pantchito sindinazikwanitse n'komwe. Ndinali nditamukonzera kale moyo wonse: masamu ku yunivesite, masamu enanso pamwamba pake, kenako buku lake loyamba lokhala ndi dzina langa patsamba lothokoza. Sindinamuuzepo zimenezi. Ndinkaona ngati n'zodziwikiratu.

Makadi atabwera, lake ndinaliona loyamba. Mlatho, bwalo la ndege, labu ya chipatala. Pambali pa mawu oti mlatho anajambulapo kachipewa, n'kukapaka chikasu.

Ndinakhala pansi. Mlathowo ndinkaudziwa. Akatsatira mng'ono wanga tsiku limodzi lokha, n'kuona anthu makumi asanu akuima iye akakweza dzanja, fomu ya ku yunivesite adzailemba asanavule nsapato. Zaka zinayi za mafunso a Lachisanu zidzangokhala makwerero opita ku galimoto ya nyali yachikasu. Ndinaphunzitsapo kale mtsikana mmodzi n'kumupereka ku simenti. Wachiwiri ayi.

Amene anaika mlatho poyamba anali atatu: Kafunso, mtsikana wamkulu wa mapulifekiti, ndi Golo, wapagolo wa timu ya sukulu, amene anausankha atamva kuti kumeneko amapereka chakudya chamasana. Malo achiwiri a Golo anali wailesi, ndipo ku wailesi kunali mpando wotsala. Yankho ndinaliona ndisanamalize kutsanulira tiyi: Golo ku wailesi, atsikana awiriwo kumlatho, aliyense wakondwa.

Sindinachite zimenezo. Panali mtsikana wina wofatsa kwambiri amene anzake amamutchula Phee. Iye anaika banki poyamba, wailesi kachiwiri. Ndinatenga khadi lake n'kulichotsa kubanki, n'kuliika ku wailesi. Wailesi inadzaza. Golo analibenso kolowera, choncho anakhalabe kumlatho. Bwalo la ndege ndi labu zinali zitadzaza kale. Kafunso anatsala opanda malo, ndipo lamulo lathu, limene linali lisanagwirepo ntchito, limati wotsala amakhala pasukulu n'kutsatira mphunzitsi.

Chinatsala n'chimodzi: mpando wa Phee kubanki unali pululu, ndipo aliyense wodziwa kuwerenga mpaka folo akanauona. Zaka zonse ndinkalemba mndandanda motsatira malo a ntchito, banki ndi ana ake pansi pake, wailesi ndi ana ake. Chaka chino ndinaulemba motsatira mayina a ana, kuyambira A mpaka Z. Ana a kubanki anamwazikana m'masamba atatu, ndipo mpando uja unasowa pakati pa mayina 58.

A Jogirafe, mphunzitsi mnzanga amene desiki yawo inayang'anizana ndi yanga, anasuzumira uku akutakasa shuga.

"Madamu, chaka chino masamu akukanikani? Wotsala mpaka akhale Kafunso?"

"Manambala sayang'ana nkhope, a Jogirafe. Mwa atatuwo mmodzi anayenera kutsala. Golo tikamusiya pano adumpha mpanda. Kafunso amamvetsa zinthu."

"Ndiye atsatira mphunzitsi uti?"

"Amene ali ndi mpata."

"Mpata, eti," anatero, n'kumwa tiyi wawo mofuula kuposa masiku onse.

Mawu ofiira aja ndikanatha kuwasiya. Ndinaima pakhonde cholembera chili m'manja, n'kudziuza kuti ndikapanda kulemba anthu afunsa. Chilungamo chake n'chakuti munthu ukachita chinyengo mwaluso, mtima umafunabe kuti lusolo liime poyera. Ndinalemba, n'kudula mzere pansi pake.

Lamlungu tinakumana kwa amayi. Mng'ono wanga anafika mochedwa, nsapato zili mbuu ndi fumbi, ndipo amayi anamusiyira mpando wabwino.

"Ndiye mukunditumizira ndani, asisi?"

"Pulifekiti wamkulu ndi wapagolo."

"Wapagolo? Nanga uja simutha kudya osamutchula uja? Kafunso?"

"Sanapeze malo."

"Aa, zachisoni. Ndimafuna ndimuone munthu amene amakufunsani inu mpaka kukusowetsani chonena."

"Mwanayo akanapita kwa Injiniya akanaona zenizeni," anatero amayi, osati moputa munthu, koma ngati akunena kuti kunja kukugwa mvula. "Iwe, mupatsire mng'ono wako shuga."

Ndinamupatsira.

Lolemba Kafunso sanandibweretsere yankho la funso la Lachisanu. Lachiwiri ndinamuona pa nthawi yopuma ataima pabolodi la pakhonde, akukopera mndandanda wonse m'kope lake, dzina ndi dzina. Ndinadutsa kumbuyo kwake ngati munthu wothamangira kwina. Lachitatu belu lomaliza litalira, anzake atatuluka, anatsala pampando wake, chikwama chili pamiyendo.

"Madamu, ndingagwiritse ntchito bolodi?"

"Choko ndi icho."

Analemba mayina atatu, wina pansi pa mnzake, n'kujambula mivi itatu. Phee kuchoka ku wailesi kupita kubanki. Golo kuchoka kumlatho kupita ku wailesi. Kafunso kuchoka pasukulu kupita kumlatho. Zilembo zake za pabolodi zinali zofanana ndi zanga, mpaka kamchira ka 'g'.

"Kubanki amalandira anayi, koma ndawerenga atatu," anatero. "Phee akapita kumeneko wapeza chimene anafuna poyamba. Golo ndamufunsa. Akuti ku wailesi akhoza kupita ngakhale wapansi, bola amulole kugwira maikolofoni. Palibe amene akuluza."

Ndinayang'ana bolodi nthawi yaitali, monga ndimachitira ndikamafuna kuti mwana akayike yankho lolondola. Sanakayike.

"Wakhoza," ndinatero. "Ndinatopa sabata ija. Ndinaphonya."

"Inenso ndinaganiza choncho poyamba, Madamu."

"Poyamba?"

Anapukuta choko m'zala pa siketi yake. "Nanga zikanakhala kuti munangotopa, bwenzi mutalakwitsa malo amodzi. Koma mayina ena onse 55 ali pamalo ake enieni, ndayesa kuwasuntha, sakusunthika. Olakwika ndi atatu okha, ndipo alumikizana ngati tcheni. Ndiye munasinthanso kalembedwe ka mndandanda. Munatiuza nokha kuti munthu akasintha njira imene imamuyendera bwino, tizifunsa kuti akubisa chiyani."

"Ndinkanena za olemba mayeso."

"Eya, Madamu." Anayang'ana pansi. "Kungoti kuti munthu alakwitse bwino chonchi, ayenera kuti yankho lolondola analidziwa kale."

Pazenera panadutsa ana a timu ya mpira akukuwa. Ndinkayembekezera kuti andifunsa chifukwa chake, ndipo ndinali nditayamba kale kukonza bodza lachiwiri, lonena za fumbi la simenti ndi chifuwa. Sanafunse. Mwana amene amafunsa chilichonse pansi pa thambo, funso limeneli analisiya, ndipo zinandipweteka kuposa akanafunsa.

"Ukufuna kukanena kwa a Hedi?"

"Ayi. Ndikufuna kupita kumlatho." Anakweza chikwama chake pang'ono. "Komanso ichi n'cholemera."

Lachinayi ndinamata mndandanda watsopano, wolembedwa motsatira malo a ntchito monga kale. Pamzere wam'mawa ndinalengeza kuti kagawidwe kanga kagonja. Ana anaombera m'manja ngati timu yathu yagoletsa. Golo anakwera pabenchi n'kuyamba kuulutsa nkhaniyo ndi botolo la madzi pakamwa: "Madamu agwa, okondedwa omvera, Madamu agwa m'mphindi yomaliza!" Phee anamwetulira, ndipo ena amati anamumva akulankhula. A Hedi anatsinzina n'kunena kuti zimachitika. A Jogirafe anangondipatsa bisiketi imodzi, zimene sanachitepo chiyambire.

Lachisanu ndinanyamula chikwama. Munali mabuku a masamu amene ndinamubwereka ine, choncho kulemera kwake kunali kodzipangira. Tinakwera minibasi atatu, ine, Kafunso ndi pulifekiti, chikwama chili pamiyendo panga. Tinatsikira pamene msewu wakale unatsekedwa ndi migolo, n'kuyenda m'mbali mwa mpanda wawaya mpaka pageti. Kutsogolo kunaima zipilala zinayi za konkire, zitsulo zitatulukira pamwamba pake ngati tsitsi losapesa. Galimoto yosakaniza simenti inkabwerera chambuyo ikulira, munthu wa mbendera yofiira akuikodola.

Mng'ono wanga anatulukira m'kontena imene ndi ofesi yawo, zipewa ziwiri zili m'manja. Anaona chikwama paphewa panga, n'kuona Kafunso, n'kundiyang'ananso ine.

"Asisi, mwayamba ganyu?"

"Anandigonjetsa. Ndi lamulo."

"Iwe ndiwe Kafunso?" Anamugwira mapewa onse awiri. "Wagonjetsa awa? Ine zaka zonse za moyo wanga sindinawapezepo atalakwitsa ngakhale kadontho. Unatani?"

"Anangotopa sabata imeneyo," anatero Kafunso, osandiyang'ana.

Mng'ono wanga anamuveka chipewa yekha, n'kumumangirira lamba pansi pa chibwano. Chinali chachikulu, chinatsikira mpaka m'maso. Kafunso anachikankhira m'mwamba ndi chala n'kuyang'ana zipilala zija, kukamwa kuli yasa. Nkhope imeneyo ndinkaidziwa. Ndinkaganiza kuti amaisungira pakona ya bolodi langa.

Nditati ndiwatsatire, mlonda anatambasula dzanja.

"Pepani mayi, opanda chipewa salowa."

"Ndi mkulu wanga ameneyo," anatero mng'ono wanga. Anakanda m'khosi. "Koma asisi, mukudziwa, zilipo ziwiri zokha. Mukakhale mugalimoto yanga, muli mphepo yozizira."

"Ndikhala pompano."

Mlonda anandibwereka kreti yopanda mabotolo, ndinakhala pamthunzi wa kanyumba kake, chikwama chili pamiyendo. Kudzera m'mawaya ndinkaona zonse. Ndinaona mng'ono wanga akukweza dzanja, galimoto ya simenti n'kuima. Ndinamuona akukangana ndi bambo wina wonenepa chifukwa cha zitsulo, bamboyo n'kuchoka akupukusa mutu, kenako n'kukachita zimene anauzidwa. Ndinaona Kafunso akumutsatira kumbuyo kope lili m'manja, akuponda pamene iye waponda.

Patapita ola limodzi ndinatsegula chikwama. Ndinadziuza kuti ndikufuna buku loti ndiwerenge. Pamwamba pa mabuku panali fomu ya ku yunivesite, m'kapepala kapulasitiki koonekera. Pamzere woyamba panalembedwa ndi inki kuti uinjiniya wa zomangamanga. Pansi pa tsamba panali siginecha ya bambo ake, telala uja, ndi deti. Detilo ndinaliwerenga kawiri. Fomuyo inalembedwa milungu itatu makadi asanagawidwe, a Hedi asanandiimitse pakhonde, mng'ono wanga asanalowe n'komwe pamndandanda. Ndinasuntha ana atatu, n'kusintha mndandanda wonse, kuti nditseke khomo limene mwana anali atadutsa kale.

Kuseri kwa fomu kunali gawo limodzi losalembedwa: mawu a mphunzitsi amene amamudziwa bwino wophunzirayu. Pambali pake panali kamtanda ka pensulo, ndi mawu ang'onoang'ono akuti "Madamu a masamu". Pensuloyo sindikanadziwa deti lake. Mwina analemba Lachitatu lija lisanafike. Mwina analemba dzulo.

Cholembera chofiira chinali m'thumba langa, koma ndinapempha chabuluu kwa mlonda. Mizere inalipo isanu ndi umodzi. Ndinkadziwa kalembedwe kamene kamamuika mwana pakati pa mulu popanda kunama: ndi wakhama, ndi waulemu, amafika msanga. Ndinatsamiritsa fomu pabuku n'kuyang'ananso kudzera m'mawaya. Mng'ono wanga anali atamukoleka Kafunso dzanja paphewa, akumulozera chinachake pamwamba pa chipilala.

Ndinalemba kuti pa ana onse amene ndawaphunzitsa, uyu yekha ndi amene anapeza cholakwa chimene ndinachibisa dala, ndipo atachipeza anadziwa choti anene ndi choti asiye. Ndinalemba kuti mlatho umene adzawerengere ndidzauwoloka osayang'ana pansi. Ndinasaina mwamphamvu moti pepala linatsala pang'ono kubooka.

Nditakweza mutu ndinawaona awiriwo ataima pafupi ndi mulu wa zitsulo. Kafunso anali atakweza chala, mutu utapendekeka, ndipo ngakhale makina ankalira ndinadziwa mawu amene ankatuluka pakamwa pake. Nanga zikanakhala kuti. Mng'ono wanga anayang'ana kumwamba, monga ankayang'anira malata a kukhitchini kuja. Kenako onse awiri anatembenukira kugeti.

"Asisi!" anakuwa. "Tabwerani kuno kumpanda, mwana wanuyu wandipanikiza!"

Mlonda anandiyang'ana. "Akukuitanani, mayi."

"Ndamva."

Ndinabweza fomu m'kapulasitiki kake, ndinaiika pamwamba pa mabuku monga inalili, ndinatseka zipi pang'onopang'ono. Ndinabweza cholembera kwa mwini wake n'kumuthokoza. Ndinasansa fumbi pa siketi yanga, kutsogolo ndi kumbuyo. Zipewa ziwiri zachikasu zinkandidikira kuseri kwa waya, padzuwa, ndipo ndinaona kuti zikhoza kudikira pang'ono.